Masupuni Awiri a Amayi

4 Malichi

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, inu, alamu, amayi ndi Kabatani wanga. Kuno ndadzuka bwino. Makina akulira, abwana akukalipa, zonse zili m'malo mwake.

Mudabwa kuti ndalemba kalata ngati munthu wakalekale. Pafoni ndikangomva mawu anu ndimasanduka mwana wa sitandade 2 amene sanalembe homuweki, ndimangoti "eya, eya" mpaka mayunitsi kutha. Papepala mwina ndilimba mtima.

M'phukusili muli mayunifolomu awiri a Kabatani, abuluu aja a kusukulu kwanu. Ndasoka pa nthawi ya nkhomaliro, pa makina a kumapeto kwa mzere amene aliyense amawathawa chifukwa amadumpha ulusi. Ine ndi makina amenewo timamvana, tonse ndife okonzedwa. Ndasiya mpendero waukulu chifukwa miyezo munanditumizira ija yandiopsa. Mwana ameneyu mukumudyetsa chiyani? Ndinatenga tepi n'kuitambasula pakhoma kuti ndione pamene mutu wake ukufika. Ukufika pa switchi ya magetsi. Tsiku munabwera kudzamutenga anali wofanana ndi chogwirira chitseko. Zaka zitatu tsopano mwana wanga ndimamudziwira pa tepi.

Nkhani yeniyeni ndi iyi. Pa 20 mwezi uno ndikwanitsa chaka osamwa mowa. Munanena nokha, tsiku lija munandipeza ndili thapsa pansi pa tebulo mwana akudya shuga ndi supuni, kuti ndikadzatha chaka chathunthu ndidzabwere tidzakambirane za iye. Zinanditengera zaka ziwiri kuti ndiyambe n'komwe kuwerenga masiku, ndipo ndimachita nazo manyazi. Koma chaka chija chakwana.

Ndinasamuka kuja. Pano ndili ndi chipinda chokhala ndi windo lenileni, lotseguka. Ndagula kabedi kachiwiri, kangokhala pakona, ndimayanikapo zovala. Sukulu ili pafupi, m'mawa popita kuntchito ndimadutsana ndi ana ake, amavala zobiriwira.

Ndapempha tchuthi cha sabata imodzi mu Epulo. Kodi ndibwere? Mundiuzenso za amayi, miyendo ija ikuwalola?

Ndine,
Mng'ono wanu

15 Malichi

Mng'ono wanga,

Moni. Tonse tili bwino, alamu ako akupereka moni. Phukusi talandira kwa kondakitala wa basi uja, ngakhale zikuoneka kuti munthu wina analikhalira ulendo wonse. Mayunifolomu amukwana, ndipo aphunzitsi anzanga akufunsa telala wake. Ndawauza kuti ndi wa kutauni, wodula, sangamuthe.

M'kalata yako ndapezamo zolakwa zinayi, koma cholembera chofiira ndachisiya m'chikwama. Uone kuti nanenso ndikusintha.

Amayi ali bwino kuposa tonsefe. Zaka makumi awiri zokolopa m'mawodi a kuchipatala zija zasanduka digiri, msewu wonse ukuwaitana kuti a Dokotala. Ali ndi chitini cha mabisiketi chodzaza mapiritsi, ena otsala a malemu bambo, ena sindidziwa kumene amawatola. Munthu akangotsokomola pageti, chitini chatseguka. Ndalankhula mpaka kutopa. Akuti ukamabwera uwagulire magalasi ena a maso, awa anawakhalira.

Za nkhani ija, bwera. Koma timvane. Ndinalonjeza kukambirana, sindinalonjeze kulongedza katundu wa mwana. Zaka zitatu zimenezi ndine amene ndakhala ndikumupesa tsitsi ndi kumuzula mano ogwedera. Atangobwera ankabisa buledi pansi pa pilo, ndipo wasiya chaka chathachi. Sindikunena izi kuti ndikupweteke. Ndikufuna udziwe chimene ndikuteteza.

Ndinamuuza kuti ukubwera. Kenako ndinamupeza akufufuza m'kabati ya amayi. Ankafuna batani lija anameza ali khanda, lomwe amayi analipeza m'thewera n'kulisunga m'kabotolo, lomwe linamupatsa dzina limene tonse timamuitanira. Akuti akufuna adzakuonetse kuti silinatayike.

Ndidzakununkhiza pakamwa padepoti pomwepo, usadzakwiye.

Mkulu wako

21 Epulo

Iwe,

Ndikanayamba ndi moni monga mwa masiku onse, koma dzanja likukana.

Ndilemba zimene ndinaona, chifukwa mwina iwe sukuzikumbuka. Masiku awiri oyamba unali munthu. Unkasesa, unkaseka, unakonza ngakhale makina apamanja a amayi aja omwe tonse tinawataya kalekale. Ndinaona kuti sukugona bwino, maso ali psuu, koma ndinati ndi malo achilendo. Lachitatu m'mawa ndinauza alamu ako kuti, "Mwina nthawi yakwanadi." Mawu amenewa anatuluka pakamwa panga.

Masana ake tinaweruka limodzi ndi Kabatani. Anatenga anzake awiri a m'kalasi, wina thumba la diresi litang'ambika, kuti adzaone mayi ake osoka. Njira yonse ankangodzitama. "Amayi anga amasoka osayang'ana n'komwe," ankatero. Tikulowa pageti tinakupeza pakhonde ukudzandira, sizasi ili m'manja, lilime litalemera. Unagwetsa makina aja. Unayamba kukalipira chitseko, kenako kulira, kenako unasanzira nsapato za mwana wa eni ake.

Kabatani sanalire. Anathamanga kukatenga chikolopa ndi ndowa n'kuyamba kupukuta, mwachangu, mutu uli pansi, monga munthu amene ntchitoyo anaizolowera. Chimenechi ndicho sindingakukhululukire. Ndinkaganiza kuti anaiwala.

Ndinakhuthula chikwama chako, botolo sindinalipeze. Fungo sindinalimve, koma ndikumva kuti masiku ano kuli wina wosanunkha. M'mawa mwake tisanapite kudepoti ndinakufunsa katatu kuti wamwa chiyani. Unangoyang'ana pansi. Ukanakana, mwina ndikanasokonezeka maganizo. Sunakane.

Amayi sakudya, angodzitsekera m'chipinda. Nawonso wawapweteka mtima. Kabatani akukana kupita kusukulu chifukwa anzake aja anafalitsa nkhani, ndipo ine ndimaphunzitsa pasukulu yomweyo, uganize mmene ndikulowera mu ofesi ya aphunzitsi. Batani lija ndinalipeza m'bini, kabotolo kake komwe.

Mwana sachoka pano. Usamulembere, usamuimbire.

Mkulu wako

26 Meyi

Mng'ono wanga,

Moni. Masabata asanu, ziii. Foni yako sikupezeka, kondakitala akuti sakukuona kudepoti. Ndikuona ngati wabwerera kumene unachoka, ndipo sindifunsa zambiri.

Ungotidziwitsa ngati uli moyo, amayi akundisowetsa mtendere ndi mafunso. Miyezo sinditumiza. Yunifolomu ya teremu ya mawa ndigula kusitolo.

Mkulu wako

2 Juni

Mwana wanga womaliza,

Ndine mayi ako. Uli bwanji? Ukudya? Zilembo zikhala zokhotakhota, magalasi unandigulira aja ndi abwino koma dzanjali ndi lakale. Kalatayi ndamupatsa kondakitala ndekha, mkulu wako sakudziwa.

Ine ndi amene ndinakulakwira. Ndakhala nazo mumtima mwezi ndi theka, chakudya sichikulowa.

Lachitatu lija ndinakuona maso ako, ndinati mwana uyu masiku awiri sanagone. Ndinakufunsa ngati ndikupatse kenakake kogonetsa, iwe unandiyankha mwaukali kuti, "Ayi amayi, musayerekeze." Ndinati ndi matama a kutauni. Bambo ako nawonso ankakana mankhwala chomwecho, ndipo zaka zisanu ndinkawaperera piritsi pakati pa masupuni awiri n'kuthira mu tiyi, shuga wambiri. Ankagona bwinobwino, mpaka anamwalira osadziwa kuti ndinkatero. Ndiye ndinatenga limodzi la bambo ako, kakang'ono koyera kaja, n'kuthyola pakati. Theka lokha, mwana wanga! Ndinati agoneko maola awiri, mwana akamaweruka adzamupeze ali watsopano.

Kuchipatala ndaona anthu ambirimbiri akumwa amenewa, zoterezi sindinazionepo. Koma utayamba kudzandira ndinadziwa kuti ndine. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, kenako ndinaona nkhope ya mkulu wako. Ndimakhala m'nyumba mwake, ndimadya zake, ndipo za chitini anandichenjeza kambirimbiri. Ndinaopa mwana wobereka ndekha. Ndinalowa m'chipinda n'kutseka chitseko, ndinkamva akukhuthula chikwama chako, ine ndili phee pabedi. Munthu wamkulu ine, wa imvi mutu wonse.

Chitini ndinakachisiya kuchipatala, anesi anandiyang'ana ngati wakuba. Dzulo mayi wa pa nyumba yachitatu anabwera akuti, "A Dokotala, mwana watentha thupi." Ndinamuuza kuti pano palibe dokotala, pali wokolopa basi.

Lamlungu likubwerali ndimuuza mkulu wako zonse. Akafuna kundithamangitsa andithamangitse, ndidzagona pa kabedi kako koyanikapo zovala.

Undikhululukire. Undiyankhe ngakhale mzere umodzi.

Mayi ako

9 Juni

Mng'ono wanga,

Moni, ndipo pepa. Ndalemba mawu amenewa m'mabuku a ana kambirimbiri powaphunzitsa, koma lero ndi pamene ndaona kulemera kwake.

Amayi andiuza dzulo. Anadikira kuti alamu ako atuluke, anandiitana kukhitchini, n'kundionetsa mmene ankachitira, masupuni awiri m'manja. Ndinakalipa mpaka oyandikana nafe anatuluka panja. Kenako ndinakhala pansi, chifukwa ndinakumbukira zonse zimene ndinakulembera pa 21 Epulo. Ndinakutenga ngati chidakwa pamaso pa mwana wako. Ndinamwaza zovala zako zamkati pakhonde pofuna botolo limene kunalibe. Unakonzekera chaka chathunthu, ife tinakuwonongera ndi kapu imodzi ya tiyi.

Chimene sindikumvetsa ndi chakuti theka la piritsi lingagwetse bwanji munthu choncho, komanso chifukwa chake sunadziteteze. Koma mwina ndinakuopseza kwambiri, ndimadzidziwa mmene ndimakhalira ndikakwiya.

Kabatani ndamuuza kuti agogo ake anakuthirira mankhwala mu tiyi molakwitsa. Anandifunsa kuti, "Ndiye sanamwe mowa?" Ndinati ayi. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti, "Koma anadwala chimodzimodzi." Zimenezo zitha ndi nthawi.

Takambirana ndi alamu ako. Teremu ikatha mu Julayi ubwere udzamutenge. Mawu anga ndinapereka, ndipo iwe mbali yako unasunga. Ndiyankhe msanga, chete wakoyu akundidya.

Mkulu wako

24 Juni

Achemwali,

Moni kwa nonse. Ndili moyo. Makalata onse ndinalandira, anu atatu ndi ya amayi. Yanu yomalizayi ndakhala nayo m'thumba la epuloni masiku khumi. Ndikanangolemba kuti "zikomo, ndikubwera," bwenzi mwezi wa mawa mwana wanga akugona pa kabedi kake. Ndinalembadi choncho kawiri, n'kung'amba. Munati mbali yanga ndinasunga. Werengani kaye izi.

Inu mumadziwa za mowa. Za mapiritsi simudziwa. Bambo a Kabatani atachoka ndinasiya kugona, ndipo mnzanga wina wa kuntchito anandipatsa limodzi, loyera, laling'ono, lofanana ndi a bambo. Ndinagona bwino kwa nthawi yoyamba m'miyezi itatu. Pofika chaka ndinkamwa asanu kapena asanu ndi limodzi pa tsiku, ndikugula kwa munthu wa kuseri kwa msika. Ndinkawapera pakati pa masupuni awiri n'kuthira mu mowa kuti zigwire msanga. Njirayo ndinaiphunzira kwanuko, nditasuzumira pawindo la kukhitchini amayi akukonza tiyi wa bambo. Tsiku munandipeza pansi pa tebulo sunali mowa wokha.

Mapiritsi ndinawasiya kudzera kukiliniki, akundichepetsera pang'onopang'ono miyezi isanu ndi itatu. Sindinakuuzeni chifukwa chidakwa mumachidziwa, msewu uliwonse chilipo. Chinacho ndinalibe nacho mawu.

Za mowanso ndinakubisirani. Munaganiza kuti ndinasiya chifukwa cholimba mtima, ndipo ndinakulolani kuganiza choncho. Zoona zake n'zakuti thupi ndi limene linandikana. Nditasiya mapiritsi, mowa unayamba kundimenya. Theka la tambula, mtima unkathamanga ngati ukufuna kutuluka, thukuta, kunjenjemera, masiku atatu osagona. Ndipo chaka chija sichinali choyera monga ndinalembera. Mwezi wachisanu ndinagula botolo, ndinamwa kawiri, ndinagona pansi masiku awiri ndikudzitukwana. Ndinapitiriza kuwerenga masiku ngati palibe chinachitika.

Tsopano tiyi uja. Amayi akuti mlandu wonse ndi wawo. Si choncho. Nditangomwa kamodzi ndinadziwa. Kuwawa kwake kumabisala kumbuyo kwa shuga, kumakakamira kumapeto kwa lilime, sindingakusokoneze ndi china chilichonse. Ndinayang'ana pawindo la kukhitchini, ndinaona masupuni awiri atagonekedwa pamodzi, imodzi ili ndi kaufa koyera. Ndikanalavula. Ndikanafunsa kuti, "Amayi, mwathiramo chiyani?" Ndakhala ndikudziuza kuti ndinaopa kuti andifunsa mmene ndadziwira, inu n'kumva. Zimenezo zilipo pang'ono. Koma chachikulu n'chakuti pakamwa panga panasangalala. Mumtima ndinati sindinagule ine, sindinapemphe ine, palibe adzandiwerengere. Ndinkadziwa kuti mwana aweruka pasanathe ola. Ndinamwa yense mpaka shuga wa pansi.

N'chifukwa chake sindinakane mutandifunsa katatu.

Chete uja sanali mowa. Nditabwerera ndinadwala masabata atatu. Tulo tinathawiratu, manja ankanjenjemera moti sindinkatha kulowetsa ulusi m'singano, ine amene ndimasoka osayang'ana. Abwana anandichotsa pa makina n'kundiika kopinda malaya pamodzi ndi ongoyamba kumene. Foni ndinathimitsa chifukwa kulira kwake kunkandibaya m'mutu. Pano ndabwerera pa makina anga odumpha ulusi.

Dokotala wa kukiliniki ndinamuuza zonse, monga ndakuuzirani inu. Akuti anthu ena amene anamwa zinthu ziwirizi kwambiri amatsala otero, kadontho kakang'ono kamawachita zimene kale botolo lonse silinkawachita. Ine ndinazimva ngati nsalu imene inapsapo ndi simbi, ngakhale yofunda chabe imasiya chizindikiro. Wandilembera kakhadi koti ndizionetsa kulikonse, ngakhale kozula dzino, kuti asandipatse zogonetsa asanadziwe mbiri yanga. Ndinamufunsa ngati zidzathe. Akuti kwa ena zimachepa pakapita zaka, kwa ena sizitheratu, ndipo sanganeneretu kuti ine ndili mbali iti.

Anaganiza kuti wandiuza nkhani yabwino, koma ine ndinatuluka ndili ndi mantha. Achemwali, chimene chandisunga mpaka lero ndi kudwalaku. Ndi mpanda wanga. Thupi likadzachira, n'kudzatha kumwa tambula yonse osagwa, chidzandiletse n'chiyani? Ndamuuza dokotala mantha amenewa, ndipo Lachinayi lililonse ndikaweruka ndikumakhala ndi anthu ena asanu ndi awiri a vuto ngati langa, m'kachipinda ka mipando yapulasitiki. Ndikuphunzira kukana ndekha thupi lisanandikanire. Sindinafike.

Amayi muwauze kuti ndawakhululukira, ndipo nawonso andikhululukire. Musawathamangitse, kabedi kaja n'kakafupi.

Sindibwera mu Julayi pokhapokha mutawerenga zonsezi n'kundiitananso. Mwana wanga ndikumufuna moti nthawi zina ndimaima pakhoma paja n'kugwira switchi ngati wamisala. Koma sindikufuna kumutenga ndi bodza. Mukati ayi, ndimva. Chokhacho, miyezo musandimane.

Ndine,
Mng'ono wanu

3 Ogasiti

Mng'ono wanga,

Moni. Tonse tili bwino. Amayi ayambiranso kudya, ndipo tsopano akulangiza msewu wonse za kuopsa kwa mapiritsi. Udokotala sunawachoke, angosintha mbali.

Ndakusiya masabata asanu osayankha, ndipo ndinachita dala. Ndinakwiya kwambiri. Julayi anadutsa ndikuyenda ndi kalata yako m'chikwama, ndikuiwerenga pa nthawi yopuma ana akusewera panja. Mzere wa shuga wa pansi uja ndinaudula ndi cholembera chofiira mpaka pepala kubooka. Unadziwa kuti mwana akubwera, ndipo unamwa. Zimenezo sindinazimeze mpaka lero.

Koma alamu ako, amene salankhula kawiri pa sabata, anandifunsa funso limodzi. Anati, "Akanakhala chete, ukanadziwa bwanji?" Sindikanadziwa. Mwana ndinali nditakupatsa kale, amayi anali atasenza mlandu wonse. Panalibe munthu padziko lino amene akanakugwira.

Ndiye nanenso ndinene changa. Tsiku lija, ukudzandira pakhonde, ndinakwiya, inde. Koma pansi pa mkwiyowo panali kena kake, ndipo ndikuchita manyazi kulemba. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati basi, sachoka. Ukudziwa kuti m'nyumba muno simunalirepo khanda langa. Zaka zitatu ndakhala ndikudikira kuti uchire, ndipo mbali ina ya ine inkadikira kuti ugwe. N'chifukwa chake ndinathamangira kukhuthula chikwama chako m'malo mokufunsa ngati ukudwala. Botolo lija ndinkalifuna.

Tichite chonchi. Tchuthi chino ndibwera naye ndekha, ndikhala masabata awiri. Ndikufuna ndimuone dokotala wakoyo ndi maso anga, ndikhalenso pa mpando wapulasitiki Lachinayi limodzi ngati amalola achibale. Za mapiritsi udzamuuza mwana wekha, m'mawu oti amve, ine ndili pomwepo. Iye ndi amene anakolopa, ayenera kudziwa. Kakhadi kako undikopere, kena ndikamate pa kabati ya amayi. Ndipo za mpanda wakowo, tsiku udzaone kuti wayamba kugwa, undilembere tsiku lomwelo usanapite kugolosale. Sindidzatenga cholembera chofiira.

Ndikadzaona china chondikayikitsa, ndibwerera naye. Ukundidziwa.

Batani lija ndinalitola m'bini, lili mu envelopu muno. Iye sakudziwa. Udzamupatse wekha akadzalifuna, usamukakamize.

Miyezo ndi iyi. Pachifuwa 27, m'chiuno 24, kuchokera paphewa kufika pabondo 31. Ndamuimika pakhoma, wadutsa switchi ndi zala zitatu. Usiye mpendero waukulu monga umachitira.

Nsalu yabuluu usagule. Unati a kumeneko amavala zobiriwira.

Mkulu wako